Ntchito Yanga, Dzina la Mnzanga

Mwana wanga anali ndi masiku khumi okha pamene asisi anabwera kunyumba ndi laputopu m'chikwama. Mchombo unali utangogwa kumene. Ine ndinali ndisanayambe kuyenda bwino, ndinkakhala chopendekera pa mpando ngati munthu wa chithupsa.

Ndimati asisi, koma si abale anga. Tinkagwira limodzi ntchito ya ukalaliki pa kampani ina yogula mpunga pano pa boma la Chama, matebulo athu atayang'anizana. Iwo anachokera ku Chipata, analibe wachibale aliyense kuno, ndipo Chisenga, chilankhulo cha kuno, ankangodziwa moni ndi kutsitsa mtengo pa msika. Ine kwathu ndi ku Kambombo. Atangofika ndine ndinawapezera nyumba ya lendi, ndinawaonetsa kogula makala ouma, Khirisimasi ziwiri anadyera kwa amayi anga. Tsiku limene matenda anandiyamba, amuna anga anali ku Lundazi kokagula zitsulo za ntchito yawo yowotcherera, ndipo asisi ndiwo anandiperekeza ku chipatala atanyamula beseni. Munthu woyamba kumunyamula mwana wanga, kupatula anamwino, anali iwowo. Ndikunena zimenezi poyamba kuti wina asaganize kuti ndikulemba za mdani.

Ntchito yanga inali kusunga kaundula wa alimi athu a ku Kambombo ndi ku Tembwe: dzina, mudzi, munda uli kuti, analandira mbewu yanji, amagulitsira pa depoti iti. Ndili ndi satifiketi ya makompyuta ya chaka chimodzi, si pepala lalikulu, ndipo ndinkadziwa kuti alipo a madipuloma amene akuyendayenda ndi maenvulopu. Choncho mpando umenewo ndinkaugwira ndi manja awiri.

Pulogalamu yathu yakale inali yonyansa kuiona, ya mbuu ngati phulusa, koma sinkafuna netiweki. Pansi pa dzina la mlimi aliyense panali kabokosi ka ndemanga, ndipo m'kabokosi kameneko ndimo munali ntchito yanga yeniyeni. Kwathu kuno mudzi umodzi mutha kupezamo anthu asanu a dzina limodzi ndi mfunda umodzi, chifukwa mwana amatenga dzina la agogo ake, msuweni wakenso chimodzimodzi. Azimayi ambiri akuluakulu reji, chitupa cha boma chija, anasunga m'sutikesi kapena inadyedwa ndi chiswe, ndiye polembetsa ankangobwereka nambala ya amuna awo. Ine ndinkalemba m'kabokosimo momwe anthu amawadziwira: wa mapasa, wa kuseri kwa dambo, mkazi wamng'ono, amene njovu zinamudyera munda, wotsimphina. Mlimi akalowa pakhomo, ndinkamupeza asanamalize kupereka moni.

Pano ndiyenera kuulula chinthu. Zaka zitatu zimene tinakhala moyang'anizana, asisi sindinawaphunzitse kaundula ameneyu. Akafunsa, ndinkangoti, "Bweretsani ndikuchitireni, musavutike." Zinkamveka ngati ulemu. Koma mumtima ndinkadziwa chimene ndikuchita. Ndinkafuna pakhale chinthu chimodzi pa ofesipo chimene sichingayende popanda ine.

Mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, a manejala anatiitana n'kutiuza kuti a ku likulu ku Lusaka alamula kuti nthambi zonse zisiye pulogalamu yakale, zisamukire ku sisitemu yatsopano ya pa intaneti. Anati zikhala zosavuta, kungothira m'fulashi n'kukhuthulira kwinako. Anatumiza katswiri, bambo wa magalasi wosakonda kulankhula, amene anayenera kukhala masiku atatu koma anakhala milungu itatu. Makompyuta athu akale anakana sisitemu yatsopanoyo, ankangozungulira osatsegula, mpaka anagula malaputopu. Malaputopuwo anakana pulinta. Pulinta yatsopano itabwera inki yake sinkapezeka ngakhale ku Lundazi. Malaiti akazima, netiweki nayo inkapita, ndipo jenereta inkalira tsiku lonse kuti anthu anayi akhale akuyang'ana kachizindikiro kozungulira pa sikirini. A manejala ankatuluka panja kukayankha foni za ku likulu, n'kubwerera nkhope itagwa. Tsiku lina ndinawamva akuuza katswiri uja kuti kusamuka kumeneku kwadya zambiri kuposa zimene anakonza, ndipo wina adzalira. Ndinamva, mwana anandimenya m'mimba, ndinapitiriza kutayipa.

Ndinapita ku tchuthi cha uchembere kusamukako kusanathe. Tisanasiyane, tonse tinasaina pepala lakuti aliyense azilowa m'sisitemu ndi dzina lake ndi pasiwedi yake, ndipo wobwereketsa pasiwedi adzachotsedwa ntchito. Dzina langa anati alitsegula ndikadzabwerako.

Ndiye tsiku lija asisi anakhala pa mpando, anamunyamula mwana, anamuseka tsitsi lake lochuluka, kenako anatsegula laputopu.

"Make mwana, zinthu zaonongeka," anatero. "Taona."

Ndinaona. Sisitemu yatsopano inalibe kabokosi ka ndemanga. Zonse zimene ndinalemba zaka zitatu sizinawoloke. Choipa koposa, sisitemuyo ikapeza mayina awiri ofanana m'mudzi umodzi, kapena anthu awiri a nambala imodzi ya reji, inkaganiza kuti ndi munthu mmodzi wolembedwa kawiri, n'kuwaphatikiza. Mwamuna ndi akazi ake awiri anasanduka mlimi mmodzi wa minda itatu. Azimayi anayi a ku Tembwe anasanduka gogo mmodzi wolima mpunga kuposa kampani.

Ndinaseka, kenako ndinasiya chifukwa kuseka kunkandipweteka pamene anandisoka.

"Manje titani?" ndinafunsa.

"Titani ndani? Iwe ndiwe ukuwadziwa anthuwa. Ine ndikawerenga ndikungoona dzina limodzimodzi ngati nyimbo ya ku sande sukulu. A ku likulu akuti kaundula akhale atakonzeka kugula mpunga kusanayambe. Ndagwada, mng'ono wanga."

"Koma ine dzina langa n'lotseka."

"Ulowa ndi langa. Ntchito ndi imodzi, iwe ndi ine tisiyana pati?"

Apongozi anga, amene anabwera kuchokera kumudzi kudzandisamalira, anali pakhomo akuyanika matewera. Asisi atapita, anandifunsa kuti mlendoyo amafuna chiyani. Nditawauza, anati, "Mwana liwombo likadali phamphapha, mupite naye ku ofesi kumene kumalowa aliyense? Mukudziwa kumene agona anthu amenewo?" Ndinati ndikangokhala maola awiri. Anandiyang'ana, anakung'untha thewera.

Zoona zake n'zakuti ndinakondwa. Ndinali ndi mantha kuyambira tsiku limene ndinamva mawu a manejala aja, ndipo tsopano ofesi inabwera yokha kudzandigwadira kunyumba. Ndinaganiza kuti mpando wanga wakhazikika.

Ndinayamba Lolemba lotsatira. Sindinkakhala pa tebulo langa, poti munthu wa pa tchuthi saloledwa kugwira ntchito. Anandiika m'chipinda cha kumbuyo chosungiramo masaka opanda kanthu ndi masikelo, mmene munatsala kompyuta imodzi yakale. Ndinkawerenga ndemanga zanga pa yakaleyo, n'kumalekanitsa anthu mmodzimmodzi pa laputopu ya asisi. Amene ndemanga zake sizinali zokwanira, ndinkamukumbukira nkhope, kapena kuimbira foni amalume anga ku Kambombo. Mwana ndinkamugoneka pa chitenje pamwamba pa masaka opindidwa. Fumbi la mpunga linkamuyetsemulitsa, ndipo akayetsemula ndinkasiya zonse, n'kuika chala pamphuno pake kumva ngati akupuma. Ndinkachita zimenezi mwina kakhumi pa ola. Wina akalowa kudzatenga sikelo, ndinkamuphimba mwanayo kumutu kuti asamugwire.

Tsiku loyamba a manejala anasuzumira pakhomo, anandiona, anaona mwana, anamwetulira.

"Amayi, ine sindinakuoneni," anatero. "Koma Mulungu akudalitseni."

Ndinaseka nawo. Ndinaganiza kuti ndi nthabwala.

Maola awiri aja sanakhalepo maola awiri. Netiweki inkagwira bwino m'mamawa, dzuwa likakwera inkayamba kudukaduka, ndipo ukakonza mlimi n'kudina kusunga pa nthawi yolakwika, ntchito yonse inkafufutika. Mayi wina wa mapasa ndinamulekanitsa ndi mkazi mnzake kasanu, kasanu konse ankabwererana. Ndinkatayipa ndi dzanja limodzi, lina litagwira mwana ku bere. Asisi ankandibweretsera tiyi ndi zitumbuwa, ankamunyamula mwana kuti ndiongole msana, ankamuimbira nyimbo za kwawo. Nthawi zina ankakoka mpando n'kukhala pambali panga ndi kope.

"Uyu wa kuseri kwa dambo umamudziwa bwanji?"

"Ali ndi mpata m'mano, amabwera ndi njinga yopanda mabuleki."

Ankalemba. Ndinkawauza zonse tsopano, mosabisa, mwina chifukwa cha manyazi a zaka zitatu zija.

Sabata yachiwiri ndinaona kanthu. Mlimi aliyense amene ndamukonza, pansi pake pankatuluka timalemba ting'onoting'ono: wakonza ndi wakutiwakuti, tsiku lakuti, nthawi yakuti. Dzina linali la asisi. Ndinawaonetsa.

"Aa, zimenezo ndi za makina chabe," anatero. "Ndani angakhale pansi kuwerenga tinthu timeneto? Aliyense pano akudziwa amene akugwira ntchitoyi."

Ndinavomera. Aliyense ankadziwadi. Mlonda ankadziwa, woyendetsa lole ankadziwa, amayi ogulitsa zitumbuwa ankadziwa.

Ndinatha milungu isanu ndi umodzi m'chipinda chimenecho. Pakati pake mwana anadwala chifuwa, tinagona ku chipatala masiku awiri, ndipo apongozi sanandinene, chimene chinandipweteka kuposa kunenedwa. Titatuluka, ndinamusiya nawo kunyumba n'kumathamangira kukayamwitsa masana, bulauzi itanyowa kutsogolo. Tsiku limene ndinamaliza mlimi womaliza, asisi anandikumbatira, a manejala anatigulira zakumwa zoziziritsa kukhosi. Mawa lake kompyuta yakale ija anaifufuta zonse, poti lamulo la ku likulu linali lakuti pasatsale kaundula wina pambali, ndipo anaikweza pa lole pamodzi ndi zinzake. Ndinaiona ikudutsa pa msewu wa ku msika, itakhala pamwamba pa masaka, chingwe chake chikulendewera.

Tchuthi chitatha ndinavala diresi imene inkandikwanabe, ndinafika pa ofesi nthawi isanakwane. Ndinapempha kuti anditsegulire dzina langa. A manejala anati tidikire kaye, kukubwera mlendo. Mlendoyo anali mayi wa ku likulu woona za antchito, waulemu, wonunkhira bwino. Anatiitana atatu tonse, ine, asisi ndi a manejala, mu ofesi ya a manejalawo, anayamba ndi kufunsa za mwana.

Kenako anati kusamukira ku sisitemu yatsopano kwalemetsa kampani, ndipo popeza alangizi a kumidzi tsopano azilembetsa okha alimi pa matabuleti, nthambi iliyonse itsala ndi kalaliki mmodzi. Anati sanafune kukondera, choncho anangoyang'ana zimene sisitemu yokha ikuonetsa. Anatembenuza laputopu yake kuti tione. Panali mizere iwiri. Pa dzina la asisi panali mndandanda wautali wa alimi okonzedwa, tsiku ndi tsiku, milungu isanu ndi umodzi. Pa dzina langa panalibe kanthu.

"Sitikukuimbani mlandu, amayi, munali pa tchuthi, ndi ufulu wanu," anatero. "Sitikukuchotsani chifukwa cha uchembere, zimenezo ayi. Koma mnzanuyu waonetsa kuti sisitemu akuidziwa, ndipo alimi akuwadziwa. Nthambi zina zonse kaundula akadali wosokonekera. Kuno kokha ndiko kwayera. Ku likulu dzina lake likutchulidwa."

Ndinayang'ana asisi. Anali kuyang'ana zikhadabo zawo.

Ndinadikira. Ndikulumbira kuti ndinadikira ndi mtima wonse, monga umadikirira munthu amene wangopita kuseri kwa nyumba. Ndinkadziwa kuti ndikalankhula ine, ndawachotsetsa ntchito chifukwa cha pepala lija tinasaina. Ndinaganiza kuti iwo apeza njira yonenera, ndi akulu, amadziwa kulankhula ndi anthu a ku Lusaka. Jenereta inkalira panja. Mabere anayamba kundilasa, nthawi yoyamwitsa inali itakwana.

"Asisi," ndinatero, "nenani."

Anadzutsa mutu. "Ndinene chiyani?"

Mayi wa ku likulu anatiyang'ana tonse awiri, kenako anafunsa a manejala ngati pali china chimene ayenera kudziwa. Anawafunsanso ngati ine ndinabwerako pa ofesi nthawi ya tchuthi.

"Ine sindinawaonepo," anatero a manejala.

Mawu omwewo. Nkhope yomweyo, kungochotsa kumwetulira.

Anthu amandifunsa chifukwa chake sindinakuwe, sindinaitane mlonda kuti achitire umboni. Amuna anga anandifunsa zimenezo mwezi wathunthu. Sindikudziwa bwino. Mlonda nayenso ali ndi ana. Kompyuta yakale inali itapita. Ndipo mkaka unali utayamba kudontha, ndinaona kadontho kakukula pa diresi, ndinachita manyazi pamaso pa mayi wonunkhira uja, ndinaphimba ndi chikwama. Ndinasaina pamene anandilozera. Ndinathokoza. Ndinathokozadi, ndi maondo opinda pang'ono monga anandiphunzitsira amayi anga.

Asisi ananditsatira mpaka pa geti.

"Make mwana, ima kaye. Ndikanati ndinene, akanatichotsa tonse awiri. Ukanapindula chiyani?"

"Munadziwa liti kuti atsala mmodzi?"

Sanayankhe msanga, ndipo kuchedwa kumeneko kunandiyankha.

"Munadziwa musanabwere kunyumba ndi laputopu?"

"Zinkamveka chabe. Palibe amene ananena motsimikiza." Anapukuta m'maso. "Iwe uli kwanu. Uli ndi mwamuna, uli ndi munda ku Kambombo, amayi ako ali pafupi. Ine ndili ndi ndani kuno? Ndikabwerera ku Chipata ndikafikira pa mphasa ya alamu anga." Kenako mawu awo anauma. "Ndiponso zaka zitatu, iwe, zaka zitatu ndinkakupempha undiphunzitse. Unkati bweretsani ndikuchitireni. Unkaganiza kuti sindinkaona? Akanafunsa chaka chatha kuti atsale ndani, iwe ukanandinenera?"

Funso limenelo ndikadali nalo. Ndimalitembenuza ndikamachapa, ndikamapeta. Masiku ena ndimati ndikanawanenera. Masiku ena ndimakhala chete ngati mmene anakhalira iwo. Koma ngakhale pa masiku oipawo, pali chinthu chimene sindichipezera malo: anamunyamula mwana wanga m'chipinda cha fumbi chija, akumuimbira, akudziwa.

Manje ndimagulitsa mpunga wa m'mabeseni pa msika, womwewo umene ndinkalemba. Alimi akale akandiona amaima, amafunsa kuti ndinasamukira ofesi iti. Ndimati ndikulera kaye mwana. Satifiketi ili m'sutikesi, ndinaikulunga m'pulasitiki chifukwa cha chiswe. Ndinafunsira ntchito malo awiri, kwina anandifunsa ngati ndinagwiritsapo ntchito sisitemu ya pa intaneti. Ndinati inde. Anati pali umboni? Ndinati ayi.

Mvula itayandikira, nthawi yogawa mbewu, asisi anabweranso kunyumba. Mwana anali atayamba kukwawa. Anabweretsa kadiresi kofiira ndi sopo, ndipo m'chikwama munali tabuleti. Alangizi atalembetsa alimi atsopano, sisitemu inayambanso kuphatikiza anthu, ndipo kope lawo lija silinkawathandiza pa onse.

"Pali azimayi awiri a ku Tembwe," anatero, osandiyang'ana, "dzina limodzi, nambala imodzi. Wina akuti wachotsedwa pa mndandanda wa mbewu. Wabwera kawiri wapansi."

Ndinawadziwa asanamalize. Wamkulu ndi wa munda wa m'mphepete mwa dambo, wamng'ono ndi uja njovu zinamudyera. Yankho linali pa lilime.

"A manejala akuti ukhoza kumabwera Loweruka," anapitiriza. "Tikuganizira kenakake. Ungolowa ndi dzina langa, pasiwedi sindinasinthe."

Mwana anakwawira kwa iwo, anagwira chikwama, anawasekerera. Anawadziwa fungo, ndikuganiza.

"Auzeni a ku likulu anditsegulire dzina langa," ndinatero. "Ngakhale la tsiku limodzi. Ndibwera mawa m'mamawa."

"Ukudziwa kuti zimenezo sizingatheke. Afunsa chifukwa chake."

"Muwauze chifukwa chake."

Anayang'ananso zikhadabo zawo. Ndinamunyamula mwana, ndinati akufuna kuyamwa, ndinalowa naye kuchipinda, ndipo sindinatuluke mpaka nditamva chitseko. Kadiresi anakasiya pa mpando.

Za mayi wa ku Tembwe uja zinandisowetsa mtendere masiku atatu. Analibe mlandu, ndipo ndi ulendo wautali wapansi. Tsiku lachinayi ndinapeza mlamu wake pa msika, ndinamuuza kuti akamuuze abwere ndi mkazi mnzakeyo, aime onse awiri pamaso pa kalaliki kuti aone ndi maso kuti ndi anthu awiri. Sindikudziwa ngati mbewu anailandira nthawi yake. Sindinafunse, ndikuopa yankho.

Foni ya ku likulu sinabwere, ndipo ndinasiya kuidikira. Kadiresi kofiira mwana anavala mpaka kanamuchepa, poti nsalu ilibe mlandu. Ndi asisi timapatsana moni ku tchalitchi, amafunsa za mwana, ndimati ali bwino.

Tsiku lina ndikuyamwitsa pa msika ndinapeza zala zanga zikugogoda pa bondo, zokha, mwa dongosolo lake. Zilembo zisanu ndi manambala atatu. Inali pasiwedi ya asisi. Ndinayesa kukumbukira yanga ya pa kompyuta yakale, imene ndinalowa nayo m'mawa uliwonse kwa zaka zitatu. Sinabwere.